Mwala wa Bambo Wakana Zilembo

Bambo anga, a Yoramu, anaphwanya miyala zaka makumi atatu pathanthwe la kuseri kwa komboni ya Tafara, kuno kudziko la eni, ndipo kunena zoona anali munthu wamakani. Asanamwalire anang'amba okha chimwala chotuwa chamawangamawanga n'kuchiimika kuseri kwa nyumba. "Chiliza changa ndi ichi," anatero. "Musadzandigulire china."

Patatha chaka, mpingo unatipatsa Loweruka loti tikavundukule chilizacho. Ine ndinalemba pepala lodzaza: mayina awo atatu, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, vesi, ndi mayina a ana tonse. Ndinkafuna kuti wodutsa kumanda a Mabvuku azidziwa kuti pagona munthu amene anali ndi anthu ake. Mwala ndi pepala tinazitula kwa a Ailton, wosema ziliza amene kale ankagwira ntchito pafakitale ina ya miyala ku Msasa.

Lachitatu ndinapita ndi mayi kukaona ntchito. Nditaona mzere woyamba, mutu unandiwira. Zilembo zinali zobenthukabenthuka ngati papalasa nkhuku.

"Bambo Ailton, dzina la bambo anga ndi limeneli? Mwatenga masabata atatu kuti mutiwonongere mwala?"

"Amake a Denzel, musandikalipire ine," anayankha akupukuta fumbi m'maso. "Gwirani apa."

Anandigwiritsa mwala wa bambo. Unali ndi njere zikuluzikulu, zina zoyera, zina zofiirira, zina zonyezimira, zazikulu ngati chimanga. Kenaka anandipatsa kachidutswa ka mwala wakuda bii, kosalala, njere zake zosaoneka n'komwe.

"Yonseyi inali phala lamoto pansi pa nthaka," anatero. "Wanuwu unazizira pang'onopang'ono, pansi penipeni, zaka zosawerengeka. Njere zinapeza nthawi yokula. Wakudawu unalowa m'ming'alu n'kuzizira msangako, njere zinauma zisanakule. N'chifukwa chake umasunga ngakhale kachilembo kakang'ono. Koma wanuwu ndikangogogoda ndi tchizulo, njere yonse imachoka yathunthu, chilembo n'kupita nayo."

Ine ndinali nditabwerera dzina la bambo, osati sukulu. Ndinawauza kuti mwala unazizira kalekale, ine ndiye ndikutentha, ndipo Loweruka silisuntha. A Ailton anangotambasula manja. Anati njira zilipo ziwiri: titenge mwala wakuda alembepo pepala lonse, kapena atembenuze wa bambowo alembe kuseri kwake zilembo zazikulu ngati chikhatho. Zikatero pangakwane liwu limodzi basi.

"Titenge wakuda, amayi," ndinatero. "Bambo sadzadziwa."

"Ine ndidzadziwa," anatero mayi.

Ndinatuluka panja kuti ndingalankhule zoipa. Makombi ankadutsa akuliza mahutala, ine ndili chiimire pamsewu, misozi ya ukali ili mbwembwembwe. Ndinakwiyira mwala, ndinakwiyira a Ailton, koma kwambiri ndinakwiyira bambo. Munthu wodziwa miyala chonchija, analephera bwanji kudziwa kuti wakewo sulembeka? Ndikukhulupirira ankadziwa ndithu, anangofuna kutivutitsa komaliza.

Nditabwerera ndinapinda pepala langa n'kuliponya m'chikwama. "Chabwino. Lembani YORAMU, tithane nazo."

A Ailton anatola choko, koma mayi anawagwira dzanja.

"Iyayi, mwananga. Dzinalo mdzukulu wawo wina wanyamula kale, silitayika." Anandiyang'ana. "Dzulo ndinamufunsa Denzel wakoyo kuti agogo ake anachokera kuti. Anandiyankha m'Chishona kuti anachokera ku Tafara."

Pepala langa lodzaza lija linalibe mzere wonena kwawo kwenikweni kwa bambo. Inenso ndinali nditauiwala.

"Lembani NTCHEU," anatero mayi. "Zikhale zakuya, zoti ndi khasu lomwe lisafufute."

A Ailton anandiyang'ana kudikira kuti nditsutse. Ndinagwada pafumbi lija n'kuwagwirira mwala kuti usagwedezeke.