Supuni Yoyamba ya Phala la Tawina

Isabella atapita ku Mzuzu kukaphunzira uzamba, anasiya mwana m'manja mwa mwamuna wake, Raphael Chadza, mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi msika wa Mhuju. Mwanayo, Tawina, anali atangokwanitsa chaka, mano anayi atatuluka, bere atalisiya kumene. Anthu ambiri anapukusa mitu pomva kuti mwamuna atsala yekha ndi kamwana kotere, koma Raphael sanatsutsane ndi aliyense. Anaphunzira kubereka ndi chitenje, kuchapa matewera ndi kusefa nsinjiro. Nthawi ya makalasi mwanayo ankakhala kwa mkazi wa mphunzitsi mnzake pakhomo loyandikana, ndipo belu lopumira likalira, Raphael ankathamangira kumeneko, choko chili m'manja, kukamudyetsa.

Kadyedweko kanali ndi lamulo lake, ndipo analikhazikitsa ndi Tawina mwini wake. Masiku oyamba mayi ake atachoka, ankaluma milomo n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku lina Raphael, atatopa ndi kunyengerera, anatapa phalalo nadya yekha, kumeza momveka. Mwanayo anamuyang'anitsitsa, kenaka anatsegula pakamwa. Kuyambira pamenepo zinakhala choncho: supuni ya bambo, supuni ya mwana, mosinthanasinthana mpaka mbale kuyera. Bambo akapanda kuyamba, Tawina sankalawa n'komwe, ndipo kwa munthu wina ankangolandira kachidutswa ka nthochi kokha.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana pamapiri, kunatsika mlendo kuchokera ku Nchenachena. Anali anyaHarawa, mayi ake a Isabella, mphunzitsi wopuma pantchito ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wozolowera kuyang'ana mnzake m'maso polankhula. Anafika pa matola ndi mkoko wa nthochi ndi botolo la uchi, nati abwera kudzaona ndi maso awo momwe mdzukulu wawo akukhalira.

Apa m'pamene panagona vuto. Raphael anali wa ku Dedza, kumene mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Akakumana nawo panjira amapatuka, akamalankhula nawo amanjuta chapatali nkhope itayang'ana kumbali, ndipo kutafuna chakudya iwo akuona ndi chinthu chimene munthu woleredwa bwino sachiyerekeza. Atsibweni ake anamulangiza zimenezi mwamphamvu asanakwatire, ndipo iye anazisunga monga munthu asungira dzina la bambo ake. Zaka zonsezi Isabella ndiye ankanyamula mawu pakati pa mwamuna wake ndi mayi ake. Tsopano wonyamula mawuyo kunalibe.

M'mawa mwake anyaHarawa anaphika phala la mgaiwa, natsiramo nsinjiro ndi uchi, nakhala pamkeka. Raphael anapereka mwana ndi manja awiri, natuluka kukaima kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Ali komweko anamva zonse: agogo akunyengerera m'Chitumbuka, akuimba, akuopseza pang'ono, supuni ikugunda pamano otsekeka, kenaka kulira. Masana zinali chimodzimodzi, mawa lake chimodzimodzinso. Tsiku lina anayesa kuzemba ndi mwanayo ndi mbale kupita kukhitchini, koma asanatape n'komwe, chithunzithunzi cha apongozi chinagwa pakhomo.

"Pitirizani, ndione momwe amadyera," anatero anyaHarawa.

Raphael anaika mbale pansi, nati nthawi ya kalasi yakwana.

Lachinayi madzulo anyaHarawa anamuitana. Iye ananjuta pakona ya khonde, maso ali ku munda wa sukulu.

"Awiske Tawina," anayamba motero, pakuti ndi momwe kwawoko amaitanira bambo wa mwana, "ine ndaona zokwanira. Mwanayu sakudya. Taonani timikono take. Ndipo inu, nthawi ya chakudya ikakwana, mumathawa ngati m'mbalemo muli njoka."

"Amadya, amama. Kwa ine amadya."

"Ndiye bwanji sindinaone?"

Kwa Raphael, kuwapempha apongozi kuti atuluke m'nyumba kunali mwano, kudya iwo ali pomwepo kunali mwano woposa.

"Loweruka ndikwera naye ku Nchenachena, mvula isanadule msewu," anatero anyaHarawa. "Adzatsika mayi wake akamaliza sukulu. Sindikukunyozani, mwayesetsa chomene. Koma sindingasiye mdzukulu wanga akuwonda ine ndikuyang'ana."

Msewu wa kumapiriwo Raphael ankaudziwa. Mvula ikakhazikika, galimoto zimatha masabata osakwera. Tawina akadzayamba kuyenda, bambo ake sadzakhalapo. Akadzatchula mawu oyamba, sadzawamva. Koma chimene chinamuwawa koposa chinali china: kumtundako, mwanayo akadzaluma milomo, adzamuyambira supuni ndani?

Anapita kubwalo la mpira, kumene foni imagwira bwino, naimbira Isabella.

"Ndawafotokozera kale," anatero mkazi wake. "Akuti mwana sanenepa ndi nkhani za pafoni, akufuna aone okha. Mumawadziwa amama. Ingodyani, Rafa. Iwo si a ku Dedza."

"Koma ine ndine wa ku Dedza."

"Nanga Tawina ndi wa kuti? Atsibweni anu akudya bwino kwawo, anenepa. Amene sakudya ndi mwana wanu."

Raphael anayang'ana mbuzi zimene zinkadya msipu pafupi ndi golo, nafunsa mkazi wake za maphunziro, natsazika. Lachisanu lonse anaphunzitsa ngati munthu wodwala mutu, mpaka ana a Sitandade 6 anamukumbutsa kuti samu imene ankalemba pabolodi anaipereka kale dzana. Pobwerera kunyumba anali atatsimikiza mtima.

Loweruka m'mawa chikwama cha anyaHarawa chinali pakhomo, zovala za Tawina zitapindidwa bwino pamwamba pa zawo, matewera ali m'jumbo pambali. Galimoto yopita kumtunda inali kudikira anthu pamsika. AnyaHarawa anaphika phala lomaliza, nakhala pamkeka ndi mwanayo, amene tsopano sankaliranso mwamphamvu, ankangodandaula chapansipansi mutu atautsamiritsa pachifuwa cha agogo ake.

Raphael anavula nsapato pakhomo, nalowa, nakhala pansi pamkeka womwewo, moyang'anizana ndi apongozi ake. Chikwatirireni anali asanakhalepo nawo pafupi chotero. Ankamva fungo la sopo wa zovala zawo.

"Amama, ndipatseni mbaleyo."

AnyaHarawa anamupatsa. Tawina atamva mawu a bambo ake anadzutsa mutu, nakwawira pamiyendo pawo.

"Mundikhululukire," anatero Raphael, maso ali m'mbale. "Kwathu zimenezi sizichitika."

Anatapa phala. Supuni inagunda m'mphepete mwa mbale. Anaiika m'kamwa. Thukuta linatsika m'khosi kulowa m'kolala. Anameza, momveka monga mwa masiku onse, pakuti kumeza kwachinsinsi Tawina sankakuwerengera.

Mwanayo anayang'ana pakamwa pa bambo ake, natsegula pake.

Supuni ya bambo, supuni ya mwana. Ya bambo, ya mwana. M'nyumbamo munalibe mawu ena koma kulira kwa supuni pambale ndi kupuma kwa mwana wanjala amene akufulumira kumeza kuti ilowe ina. Phala linatsika mpaka maluwa ojambulidwa pansi pa mbale anayamba kuoneka.

"Tapani pang'ono zanuzo," anatero anyaHarawa potsiriza. "Mukumutsirizira mwana chakudya. Nkhani yonseyi kani njala ndi yanu?"

Raphael anatsamwa, osadziwa ngati aseke kapena apepesenso. Pamene ankatsokomola, dzanja lake linatsika, ndipo Tawina anagwira supuniyo ndi nkhonya yake yonse nayilanda. Anali asanachitepo zimenezi. Anaiviika m'mbale chozondotsa, phala lina linagwera pamkeka, lina pathalauza la bambo ake, koma kanthu pang'ono kanatsalira kunsonga. Anatembenuka, natambasula dzanja, nailozetsa pakamwa pa agogo ake, akuyang'anitsitsa monga ankayang'anira bambo ake.

AnyaHarawa anayang'ana supuniyo, anayang'ananso mkamwini wawo, amene nkhope yake inali itagwera pansi. Anawerama, nalandira phalalo, nameza momveka.

"Yewo, anyaChadza," anatero kwa mwanayo, kumuthokoza m'Chitumbuka pomutchula ndi dzina la bambo ake. "Koma amene waphika phalali waumira uchi." Wophikayo anali iwo eni.

Tawina anaviikanso supuni, ulendo uno naiyendetsa kupita pakamwa pake. Inafikira pamphuno. Anayesanso, inafikira patsaya. Raphael anatambasula dzanja kuti amuthandize, koma apongozi ake analigwira pamkono n'kulibweza.

"Musiyeni, apeza yekha."

Ulendo wina wotsatira supuni inalowa m'kamwa.

Kumsika galimoto inaliza hutala. AnyaHarawa anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, napita pachikwama chawo, natulutsamo zovala za mwana chimodzichimodzi, kuziika pampando. Jumbo ya matewera anaikankhira m'nyumba ndi phazi. Botolo la uchi analiika patebulo, nalangiza kuti asamaumire.

Raphael anapukuta mwanayo kumaso, namubereka, nanyamula chikwama cha apongozi ake. Anayenda nawo njira imodzi mpaka kumsika, osapatuka, ngakhale maso ake sanachoke pa fumbi la mumsewu. Azimayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda kuti aone mphunzitsi wobereka mwana akuperekeza apongozi.

Atakhala pampando wakutsogolo, anyaHarawa anasuzumira pawindo.

"Awiske Tawina, msewu ukalola, pa Khirisimasi mubwere naye. Ndipo ndikuuzirenitu: kwathu timadyera patebulo limodzi, ine, abusa, alendo, tonse. Muyambe kukonzekera."

"Ndamva, amama," anayankha Raphael, akuyang'ana tayala la galimoto.

Kumsana kwake Tawina anali akadagwirabe supuni ija, yomwe anakana kuisiya kunyumba, ndipo ankamumenya nayo bambo ake paphewa njira yonse yobwerera.