Kangaude wa Kuseri kwa Kalilole

Panali chinthu chimodzi chimene mtsikana wina sanauzepo munthu: kuchipinda kwake sankakhala yekha. Kuseri kwa kalilole kunkakhala kangaude wotuwa, wamkulu ngati chikhatho, koma wophwatalala moti ankalowa mumng'alu wokana ngakhale chala. Miyendo yake inkatambalala cham'mbali ngati ya nkhanu. Kusukulu anaphunzira kuti akangaude ali ndi mabanja awo, ndipo a banja ili saluka ukonde wokolera chakudya, amachita kuchithamangitsa. Mphemvu zinatha m'chipindamo, womuthokoza kangaudeyo osaoneka.

Loweruka m'mawa kunatulukira amalume ake, aja opopera mankhwala m'nyumba za anthu, thanki ili kumsana.

"Achemwali, tulutsani mbale ndi zofunda," anauza amayi a mtsikanayo. "Lero ndikupoperani mwaulere, pachibale."

"Muyambe kwa mwanayu," anatero amayi. "Maukonde ali lendelende kudenga, iye maso tong'o. Sukulu yonseyi koma tsache salidziwa."

Mtsikanayo mtima unamuwawa. Maukondewo anali a akangaude ena, amiyendo yonga ulusi. Wakeyo analakwa chiyani? Komanso masiku amenewo kangaudeyo anali atakumbatira kathumba koyera ka mazira kunsi kwa mimba, osadya, osayenda.

Anawatsatira amalumewo mpaka kuchipinda.

"Amalume, kodi mumasiyanitsa mitundu yake musanapope?"

"Kwambiri, mphwanga. Ilipo iwiri: zofa lero ndi zofa mawa." Anaseka okha uku akupopa mpweya m'thanki. "Tapatuka, ungakhosomole."

Mtsikanayo sanapatuke. Munthu wopha tizilombo tsiku ndi tsiku, koma sanagwadepo n'kuyang'ana kamodzi kokha kumaso! Iye anali atamuyang'anapo kangaude wake, ndipo anawerenga maso asanu ndi atatu, ondandalikidwa m'mizere iwiri.

"Iwe, wagontha?" anakuwa amayi ali pakhomo. "Amalume ako akudikiridwa kwina."

Amalume analozetsa kachitsulo kopopera kukhoma. Mtsikanayo, amene m'kalasi ankaopa ngakhale kukweza dzanja, anakaima kutsogolo kwa kalilole, manja tambalale, osatsamira kuopa kuphwanya zakuseri.

Amalume anatsitsa kachitsuloko. "Ohoo! Achemwali, bwerani. Kuseriku kuli chithunzi cha apongozi anu."

"Si chithunzi!" Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira. "Kuli kangaude, ali ndi mazira. Ndakhala naye kalekale, sanalumepo munthu, ndipo ndi wanga. Kapopeni nyumba yonse, amalume, koma muno ayi. Ine sindichoka."