Njuchi pa Ukwati wa Mwana wa Mfumu

Loto ili landisowetsa mtendere kuyambira dzana. Ndinalota ndili m'ndege yankhondo limodzi ndi malemu bambo anga. Ali moyo, iwo anayendetsapo ndege pankhondo kudziko lakutali, ndipo kumeneko anakondana ndi mwana wamkazi wa mfumu ya dzikolo. A kunyumba yachifumu anawakana poti anali mlendo wosauka, n'kuwakweza sitima asanatsanzikane naye.

M'lotomo bambo anali adakali mnyamata, dzanja lawo lija la zipsera lili pachiwongolero. M'ndegemo munkanunkha mafuta ndi mphira wopserera, ndipo mpando unkanjenjemera mpaka mano anga kugundana. Pansi pathu panali ukwati, pabwalo la nyumba yaikulu yoyera. Mkwatibwi, mwana wa mfumu uja, anakweza maso kutiyang'ana, ndolo zake zikuthwanima.

"Mwanangu, ukuwaona ovala mikanjo yofiirawo?" anatero bambo. "Ndi aja anandipitikitsa ngati galu. Koka chitsulocho."

"Nanga mkwatibwiyo, bambo?"

"Iyeyo sizimukhudza."

Ndinakoka. Sipanagwe bomba ayi, koma njuchi zankhaninkhani, kumwamba konse bii. Akuluakulu aja ankagubuduka m'fumbi, zisoti zikugwa, nkhope zikutupa, ine ndikuseka. Ndinapempha kuti titembenuke tikawathirenso zina. Nditacheuka, pampando wa bambo panalibe munthu, koma ndege inkangouluka.

Ndinadzidzimuka nditafumbata dzanja, zikhadabo zitalowa m'chikhatho. Bambo sanatchulepo zobwezera mpaka kumwalira kwawo. Kodi mkwiyowo ndi wawo kapena wanga? Chondizunguza n'chakuti akanamukwatira mayi ameneyo, ine sindikanabadwa. Komabe ndikulakalaka nditalotanso, ndikakokenso chitsulo chija.