Ndevu za a Ezron ndi Voti ya Mphuno

Kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale ku Mphamba kunali malo ongokhala. Ana akawayang'ana ankaona bwalo la mpira. A Ezron Nyirenda, tcheyamani wa komiti ya makolo, akawayang'ana ankaona mtedza wokhawokha. Anazungulira midzi pa njinga kukopa anthu, ndipo pachigayo analumbira anthu akumva kuti sukulu ikapanda kulima mtedza chaka chino, iwo ameta ndevu. Ndevuzo anazisunga kuyambira asanakwatire.

Madamu Faides, mphunzitsi wa giredi wani, anali atatopa ndi misonkhano imene ankapambana ndi okuwa kwambiri. Anatulutsa tabuleti ya m'kalasi, naikapo zithunzi ziwiri, mtedza ndi mpira. Banja lililonse livote kamodzi, kholo likhudze chithunzi litamva kaye maganizo a mwana wake. A Ezron anavomera. Kumva maganizo a mwana si kuwatsata ayi.

Koma tsiku lovota linagwa m'nyengo yothyola fodya. Amayi amene anachokera kochapa anakhudza mtedza bwinobwino, tabuleti nkumayankha kuti, "Zikomo!" Abambo anafika kuchokera kuzigafa, zala zili bii ndi utomoni wa fodya, zouma ngati makungwa. Woyamba anali a Haswell. Anakhudza, zii. Anadina mwamphamvu, zii. Anapukutira chala pabuluku, nachinyambita, nadinanso.

"Madamu, kanthu kanuka kakundinyoza," anatero a Haswell. "Kapena kamafuna moni? Monire, a tabuleti!"

"Sikakumva chala chanu, adada. Mwana wanu akudinireni."

A Haswell anawerama nkunong'oneza mwana wawo kuti mtedza. Kamwana kanagwedeza mutu mwaulemu, kachala nkuti tho!

"Zikomo!" inatero tabuleti, zithunzi nkubwerera mwakale.

Zinayenda choncho bambo ndi bambo. A Ezron anaima pakhomo akusisita ndevu, mtima uli m'malo, mpaka anazindikira kuti ana onse akutuluka akuluma milomo kubisa chiseko. Anasendera pafupi. Anaona ndi maso awo mwana wa bambo wina, a Friday, akumva "mtedza", akuyankha "yewo, adada", chala nkulunjika pa mpira.

Anafuna kukuwa. Koma m'mawa womwewo anali atalankhula nthawi yaitali zoti mwana ndi munthu, mawu ake amveke, ndipo anthu anawaombera m'manja. Anabwerera pakhomo paja.

Pomaliza Madamu Faides anayang'ana zotsatira.

"Mtedza ndi mpira zafanana. Mwatsala inu nokha, atcheya."

M'kalasi munadzaza. Ena anasuzumira pazenera. A Ezron anayang'ana zala zawo, zakuda kuposa za onse. Anayesa cha mkombaphala, chachikulu, mpaka kakang'ono kothera. Zii.

Lukundo, mwana wawo wa giredi wani, anawakoka shati. "Adada, ndikudinireni?"

"Iwe? Khala uko. Ndakuonani nonse, akathyali inu."

"Yesani chigongono!" anakuwa a Haswell.

"Cha mwendo, atcheya, vulani nsapato!" anatero wina pazenera.

A Ezron anaganiza mofatsa. Pathupi pawo ponse, malo amene sanakhudze fodya chiyambire sabata anali amodzi. Anapukuta mphuno ndi mpango, nagwira tabuleti ndi manja awiri ngati mbale ya kwa apongozi, nayamba kuiyandikitsa kumaso. Mtedza unali kumanzere, anauona bwino. Koma galasi litafika pafupi, maso anasokonekera, mtedza unaoneka pawiri, mpira pawiri, zonse zikusambira. Ndevu nazo zinafika patsogolo nkuphimba zotsalazo. Anatsinzina, nagunda.

"Zikomo!"

Madamu Faides anatenga tabuleti, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana. Anayesa kuumitsa nkhope koma mapewa ankagwedezeka.

"Mpira wapambana."

Ana anatuluka ngati njuchi. Lukundo anakumbatira mwendo wa bambo ake. "Yewo, adada! Ndinadziwa kuti mumatikonda!"

A Ezron anatsegula pakamwa kuti anene zoti makina alakwitsa, koma kamwanako kanali kakuwayang'ana, maso akuwala. Anatseka pakamwa.

Panja anapeza akazi awo, a Evelina, atakhala pa kaliyala wa njinga, manja ali pachifuwa.

"Tiyeni, a Nyirenda, tidzere pagolosale," anatero. "Lezala limodzi silikwana pamenepo."