Mapale a Padzala la Filomena

Filomena, mayi woumba mbiya wa m'munsi mwa phiri la Chongoni, ankadana ndi mlamu wake Alufeo, ndipo sankabisa. Alufeo, mwamuna wa mng'ono wake Dorika, ndiye anali wapampando wa chipani m'mudzimo. Ndi iyeyu anakaneneza Timoteyo, mwamuna wa Filomena, kuti wanyoza khadi la chipani pamowa. Galimoto inabwera, Timoteyo anakwezedwa matope a kudimba ali m'miyendo, ndipo zaka zitatu zinatha popanda ngakhale kalata.

M'chilimwe cha 1972 kunabwera mzungu wofukula zakale, nayamba kukumba m'phanga lina la zojambula kumtunda kwa mudzi. Analemba amuna okumba ndi amayi osefa dothi. Nanga ukapitawo mukuganiza unagwera yani? Alufeo, munthu woti chibadwire sanakumbepo ngakhale mbewa! Mzunguyo anamulonjezanso kuti malowo akapezeka ofunika, adzakhala mlonda wa boma, wa yunifomu ndi nsapato.

Koma sabata zitatu zinatha sefa ikungogwira timiyala ndi makala, ndipo mzungu anayamba kunena zokwirira dzenje. Tsiku lina m'mawa Filomena akuchokera kumadzi, anaona mlamu wakeyo atanyonyomala padzala la kuseri kwa nyumba yake, pomwe mayiyu ankatayapo mbiya zosweka pootcha. Ankatola mapale n'kumalonga m'thumba la jekete. Filomena anabisala kuseri kwa nkhokwe. Pakamwa panamuyabwa, koma anadzigwira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa lake mapale aja anatuluka pansi penipeni pa dzenje, atapakidwa mwaye ndi dothi. Mzungu anawatembenuzatembenuza, nakanda ndevu, n'kunena kuti ayambe wawafufuza kaye. Alufeo analibe nthawi yodikira. Anapalasa njinga mpaka ku Boma kukauza akuluakulu a chipani kuti iye wafukula mbiya ya makolo a fuko, ya zaka chikwi.

Loweruka akuluakuluwo anafika pa magalimoto awiri. Amayi anavina mpaka fumbi kuti kobo, ndipo anthu anadabwa kuona Filomena akuvina ngati ndi ukwati wake. Mapale anayalidwa patebulo, pansalu yoyera. Mkulu wa chipani wa ku Boma anagwira Alufeo chanza pamaso pa onse, namutcha mwana weniweni wa fuko, wojambula n'kutola chithunzi.

Kenako mzungu, kudzera mwa womasulira, anafunsa ngati pali mayi wodziwa kuumba woti anenepo maganizo ake. Filomena anatuluka pagulu, nagwada mwaulemu, namasula mfundo ya chitenje chake. Munali phale la pakamwa pa mbiya. Analigunditsa ku phale lalikulu la patebulo lija, ndipo linalowa ndendende, mizere yake n'kukumana.

"Bwana, mbiya iyi ndinaumba ndine mwezi wa Meyi, inasweka pamoto. Zotsala zake zili padzala panga, tiyeni mukaone. Anatola zinazi ndi alamu angawa, ndinawaona ndi maso angawa."

Mzungu anavula magalasi. Alufeo anayesa kuseka.

"Alamu, zoona inu?" anatero Alufeo.

"Ndine, alamu. Ndine ndithu."

Mkulu wa chipani uja anapukutira dzanja lake pabuluku. Kunamiza mzungu kwa iye sunali mlandu. Mlandu unali kumuchititsa manyazi iye, ndi chipani chomwe, anthu akuona. Alufeo anakwezedwa kumbuyo kwa galimoto yachiwiri. Filomena anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota, ndipo mtima wake unakoma. Tisaname ayi, unakoma zedi.

Dzuwa lisanapendeke, Dorika anafika pakhomo pa Filomena, khanda kumsana, ana atatu pambuyo. Sanalire, sanatukwane. Anangokhazika anawo pakhonde la mkulu wake.

"Achemwali, mwabwezera, ndipo sindikunenani. Koma awa ndi ana anunso, si mbumba imodzi kodi? Ine sindidziwa chowayankha. Muziwauza ndinu tsiku lobwera bambo awo, poti njira ya kumeneko mukuidziwa kutalika kwake."

Kamtsikana ka zaka zisanu kanasendera, n'kugwira chitenje cha Filomena.

"Amayi aakulu, ababa abwera mawa eti?"

Filomena anafuna kukanamiza, koma lilime linakana.