Kulowetsa Tamanda Kumphasa

Fainess anali akuchapa matewera pampopi wa kumalaini a antchito a paesiteti ya tiyi pamene anaona azakhali ake, a Idah, akutsika njinga ya kabaza, thumba la chinangwa lili m'manja. Anadziwa kuti munthu sachoka ku Thekerani m'nyengo yopalira n'cholinga chongobweretsa chinangwa.

Atangokhala pakhonde, a Idah anamasula Tamanda kumbuyo kwa amake n'kumutembenuza ngati nkhuku yapamsika. Anamutsina tsaya, anamugwira paliwombo.

"Mwanayu munamulowetsa kumphasa?"

"Ayi, azakhali."

"Ayi? Mwana wayamba kale kuseka, bambo ake akugonabe yekha ngati mlonda? Mwana iwe, ukufuna kutiphera mdzukulu?"

Fainess anayang'ana pansi. Mwambowo ankaudziwa bwino. Mwana akabadwa, makolo ake amasiyana mphasa mpaka tsiku limene adzakhalenso malo amodzi n'kumufungatira pakati pawo kuti akhwime. Mwambo usanachitike, mwamuna akangopita kwa mkazi wina, mwana amadwala tsempho: amaonda, masaya n'kutupa.

Chimene azakhaliwo sankadziwa n'chakuti Tamanda anatuluka mong'amba njira. Kuchipatala anamusoka Fainess mothamanga, ndipo chilonda chinapola kunja kokha. Akakhala pampando wolimba ankamva ngati wakhalira galasi losweka. Tsiku lina mwamuna wake Gideoni atangomuyandikira, analira mpaka a khomo loyandikana nawo anagogoda khoma.

"Kumandipweteka," anatero Fainess motsitsa mawu.

A Idah anaseka. "Walira mvula walira matope. Ife tinaberekera pachiguduli, tinafa? Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Kufakitale kuja kwadzaza atsikana. Akakaterereka, mwanayu n'kutupa, anthu adzaloza iweyo."

Gideoni anafika madzulo akununkha tiyi wouma wa kufakitale. Anapereka moni mogwada, n'kukhala patali pang'ono. Sanali munthu woipa. Kwa miyezi yonseyi ankatunga madzi, anzake n'kumamuseka kuti anadyetsedwa.

"Akamwini, mwapirira," anatero a Idah.

Gideoni anakanda m'mutu. "Ine ndilibe mawu, amayi. Koma munthu ndi munthu."

Sanamuyang'ane mkazi wake polankhula zimenezi.

M'mawa mwake linali tsiku la sikelo. Njira yonse, podutsa m'minda ya tiyi, Fainess ankayeserera mawu oti akanene. Kuchipatala kuja anapeza amayi atadzaza mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala, namwino ali mmodzi yekha. Anamupachika Tamanda pasikelo.

"Watsika pang'ono. Akutsegula m'mimba?"

"Masiku apitawa."

"Muzimuyamwitsa pafupipafupi, mutenge thanzi pawindo paja. Za kulera mwasankha chiyani, jakisoni?"

"Anesi, ine pamene anandisoka paja..."

Namwino anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira ndi kutopa. Kumbuyo kwa Fainess, pabenchi, panali akazi a kumalaini omwe amathyola nawo tiyi, ndipo onse anangoti zii, makutu ali tcheru. Mmodzi mwa iwo anali uja anagogoda khoma.

"Patani? Pakutuluka mafinya?"

"Ayi."

"Ndiye panapola. Wotsatira!"

Fainess anatuluka ndi mapaketi a thanzi.

A Idah atamva kuti sikelo yatsika anaomba m'manja kamodzi. "Si izi! Tsempho limayamba chonchi. Mumulowetse lero lomwe, ine ndikagona kwa aneba."

Fainess anayang'ana mwana wake ali m'tulo, timanja tatambasuka. Ankadziwa kuti ndi m'mimba chabe, namwino anali atanena. Koma bwanji ngati si m'mimba? Mwanayu atamwalira, ndani angakumbukire za chilonda chosaoneka? Anapita kukayala mphasa.

Kutacha, a Idah anabwera akuimba nthungululu. Anamukweza Tamanda m'mwamba n'kumuvinitsa pakhonde. "Wakhwima tsopano! Taonani maso awo!" Akazi oyandikana nawo anatuluka, nthabwala zili pakamwa.

"Bambo a Tamanda lero akuyenda ngati akwezedwa pantchito!"

Gideoni anaseka mwamanyazi, akumanga zingwe za nsapato. Podutsa pafupi ndi mkazi wake ananong'ona, "Amake mwana, zinali bwinoko, eti?"

Fainess anali atagwada kuseri kwa bafa, akutsuka chitenje chimene sankafuna kuti munthu achione. Madzi a m'beseni anali atafiira. Mlomo wake unali wotupa pamene anaulumira kuti aneba asamve.

"Pitani, muchedwa," anatero.

Kenako Fainess anamusiya Tamanda kwa azakhali, n'kubereka dengu lake. Ankayenda pang'onopang'ono, miyendo motalikirana, mpaka kapitawo Lackson anamukuwira kuchokera pamtunda.

"Mayi Gideoni, mukuyenda ngati mwasenza mazira! Tchuthi cha uchembere chinatha kale!"

Analowa mumzere wake, mame akunyowetsa chiuno. Tiyi anali atatambalala mpaka kuphiri, wobiriwira, wosalala ngati bedi loyala bwino. Alendo odutsa pamsewu amaimitsa magalimoto kuti amujambule. Bambo ake a Fainess anamuuzapo kale kuti tiyi ndi mtengo weniweni, woti ukausiya umatalika kuposa nyumba n'kuchita maluwa oyera. Iye anali asanauonepo wotero.

Anawerama. Pachitsamba chimene anathyola sabata yatha panali pataphuka timasamba tatsopano, tanthete, zipsera za pansi pake zisanaume. Anatiyang'ana kanthawi. Kenako kapitawo anakuwanso, ndipo Fainess anatambasula dzanja n'kutithyola.