Laputopu ya Kumsana

Mzime anafika pa benchi ya amayi ake kumsika chikwama chili pepuu, nkhope ili ndwii. Amayi akewo, amene msika wonse unkangowatchula kuti Amafuta chifukwa chogulitsa mafuta ophikira a m'timapepala, sanadikire kuti mwana ayambe yekha.

"Kamakina kali kuti?"

"Alanda ahedi."

"Waswa?"

"Ayi. Akuti kada, komanso kakununkha mafuta. Lachisanu kubwera mabwana a bungwe limene linatipatsa lija. Akuti ndichititsa manyazi sukulu, ndiye atsekera mu kabati. Sindidzatenganso."

Amafuta sukulu anangoinunkhiza. Za malaputopu otchipa amene bungwelo linagawira kalasi ya Mzime sankazidziwa, ndipo sankanamizira kuzidziwa. Chimene ankaona ndi maso awo n'chakuti chibwerere kamakinako, mwana amene masamu ankamuliza misozi ankakhala pansi pa benchi masana onse, kubwereza samu imodzimodzi mpaka kamakina kavomere. Batire likatha, ankathamangira kwa wometa tsitsi kukatchaja. Kasitomala akabwera, ankamuthirira mafuta n'kubwerera pa mabatani ndi zala zomwezo. Nanga kakanayera bwanji? Ndipo mayeso anali atayandikira.

"Khala apa ugulitse," anatero Amafuta akumanga nsalu m'chiuno. "Wangongole umuuze kuti ndamwalira."

Mu ofesi ya ahedi munali tebulo loyala nsalu ya maluwa, wotchi yakufa pakhoma, ndi kabati yachitsulo yotsegula. M'kabatimo malaputopu anali ndandanda, ena akadali m'mapulasitiki awo. Ahedi, bambo wa imvi wotopa ndi dziko, anali kuwapukuta ndi kansanza.

"Mayi, mundimvetse," anatero atamva nkhani. "Mabwanawa akaona katundu wawo ali chonchi, kalasi inayo sidzalandira kanthu. Magetsi pano amabwera ngati mlendo. Aphunzitsi anga sanaphunzitsidwe n'komwe kagwiritsidwe kake. Chimene ndingathe ine ndi kusunga bwino basi."

Amafuta anaona kuti bamboyu sakunama. Koma chisoni sichinagulitsepo mafuta. Kumsika aliyense amadziwa kuti katundu akakhala m'manja mwa mnzako, mtengo amatchula ndi iyeyo. Ndiye anafewetsa mawu ngati munthu wodzapepesa.

"Zoona, bambo. Mwanayu ndi wauve, watengera kwa abambo ake. Tandipatsani ndione litsirolo, kuti ndikamukalipire ndikudziwa chomwe ndikunena."

Ahedi anatulutsa laputopu ya pansi penipeni n'kuwapatsa. Inali yonona, ngodya imodzi yokulika, mabatani a manambala atayamba kufufutika. Amafuta anailandira ndi manja awiri. Kenaka anamasula nsalu ya m'chiuno, anawerama, anaika laputopu kumsana, n'kumanga mfundo pachifuwa, gwa, ngati abereka khanda.

"Mayi! Mukutani?"

"Ndabereka. Ngati mukumufuna, bwerani mumasule nokha."

Ahedi anatambasula dzanja, anayang'ana pamene panali mfundopo, dzanja linabwerera lokha m'thumba. Pawindo aphunzitsi awiri anali atasuzumira kale.

"Chabwino, tikambirane," anatero ahedi akupukuta thukuta ndi kansanza komweko. "Kazikhala pano, azigwiritsa ntchito nthawi ya sukulu."

"Nthawi ya sukulu mwanena nokha kuti magetsi kulibe."

"Ndiye azitenga Loweruka lokha."

"Masamu amamuvuta Loweruka lokha?"

"Mayi, ndi katundu wa bungwe ameneyu!"

"Bungwe linapatsa ana kapena kabati? Kabatiyo ikulemba nawo mayeso?"

Atatero anatembenuka n'kulunjika kukhomo, pang'onopang'ono, osacheuka. Ankadziwa ndithu kuti bamboyu akanatha kuthamangitsa Mzime sukulu, ndipo kumeneko nsalu sikanathandiza. Koma wocheuka msanga ndiye amagula modula. Phazi limodzi linali kale panja pamene mawu anamveka.

"Taimani kaye!"

Amafuta anaima, koma sanabwerere m'kati.

"Tandiuzani zoona," anatero ahedi, mawu atatsika. "Inu mukukhulupirira kuti kamakina aka ndi kamene kamupatse mwana nzeru? Ine ndaphunzitsa ndi choko moyo wanga wonse."

"Kaya. Ine sindinaphunzire, sindingakunamizeni. Mwina kamupatsa, mwina ayi. Akalephera, alephere atakakanda mpaka mabatani onse kufufutika, ndidzati nzeru zake zathera pomwepo. Koma asalephere kamakina kali phee mu kabati, kakuphunzitsa mphemvu."

Wina pawindo paja anaseka, kenaka n'kunamizira chifuwa. Ahedi anayang'ana malaputopu oyera aja, n'kutembenukira kwa Amafuta.

"Lachisanu abwere nako. Adzakhale kumbuyo kwenikweni."

"Kutsogolo."

"Pakati."

"Pakati, koma pafupi ndi kanjira, mabwanawo akamadutsa anunkhize."

"Koma mukapukute, mayi, chonde."

"Chivindikiro chokha. Imeneyo ndi basela, chifukwa mwalankhula bwino."

Sanamasule nsalu mpaka kumsika. Amayi a tomato atawaona akubwera ataberekera chinthu cha makona anayi, anaomba m'manja.

"Iii, anzathu, mwachira liti osatiuza?"

"Lero lomwe. Wabadwa akudziwa kale masamu, osati anu aja."

Pa benchi anamasula mfundo n'kutsitsa laputopu. Mzime analumpha kuti ailandire, koma amayi ake anaikweza m'mwamba.

"Kasambe m'manja kaye, ndi sopo. Ndiponso iwe, munthu akati bweretsa umangopereka? Unabadwa kwa ine iwe?"

Mzime anathamangira kumpopi. Amafuta anang'amba kansalu, anapukuta chivindikiro monga analonjezera, n'kulekera pomwepo.